Wodwala wa Zaka Zambiri Asasowe Anzake

Mau amene amai a kagulu koyendera odwala analankhula pa tsiku la chikondwerero cha Chigwirizano cha Amai, m'boma la Ntcheu

  Ena mwatsika ku mapiri a ku Tsangano, ena mwakwera kuchokera ku chigwa cha Bwanje, ena mwalawira m'mamawa ku Lizulu, ku Mlanda ndi ku Kandeu. Zikomo kwambiri chifukwa cha kubwera kwanu.

Chigwirizano chinayamba m'mipingo ya Nkhoma m'chaka cha 1940, ndipo kuyambira pamenepo kuyendera odwala ndi imodzi mwa nchito zake zazikulu. Amai athu amene anabvala duku loyera tisanabadwe ife anatisiyira nchito imeneyi, ndipo ife a kagulu koyendera odwala tapatsidwa nthawi kuti tilankhulepo. Sitiwerenga pano mitolo ya nkhuni kapena malichero a ufa amene anaperekedwa. Zimenezo alembi anena. Ife tifuna kuika pamaso panu mtundu umodzi wa odwala, ndi chinthu chimodzi chimene iwo amasowa koposa ufa ndi sopo.

Matenda a mitundu itatu

Mwambo wathu woyendera odwala umadziwa bwino matenda a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi matenda amene munthu amachira, monga malungo ndi chibayo. Timamva lero kuti mai uje wagona, mawa tapita ndi ufa ndi nkhuni, taimba, tapemphera, ndipo patapita masabata awiri timamuona wakhala pa malo ake m'tchalitchi. Mtundu wachiwiri ndi matenda a kayakaya amene amatha ndi maliro. Pamenepanso amai a Chigwirizano safunsa njira: timachezera m'siwa, timatunga madzi, timaphika, ndi kuperekeza mnzathu ku manda.

Koma ulipo mtundu wachitatu, matenda amene sapha msanga komanso satha. Munthu adwala chaka chino, chaka chamawa, ndi zaka khumi zakutsogolo. Mwezi woyamba pakhomo pake pamadzaza anthu. Mwezi wachitatu amafika achibale okha. Chaka chikatha anthu azolowera, ndipo ponena za iye amangoti, "Aja ndi odwaladwala," nkhani nithera pomwepo. Sikuti anthu ndi ouma mtima ai. Kumunda kuli nchito, ana afuna fizi, ndiponso maliro ndi matenda atsopano amaitana tsiku ndi tsiku. Tsono wodwala wakale uja amatsala yekha pakhonde, kumangopenya anzake akupita ku msika.

Buku Lopatulika silinaiwale odwala otere, ndipo limawerenga ndi zaka zao zomwe. Pa Marko 5 tiwerenga za mai amene anataya mwazi zaka 12, natha chuma chake chonse pofuna mankhwala. Pa Luka 13 pali mai wopindika msana zaka 18. Pa Yohane 5 pali munthu amene anadwala zaka 38 pa thamanda la Betesda. Tamuonani bwino munthu ameneyu. Pamene Ambuye anamfunsa ngati afuna kuchira, iye sanayambe kufotokoza za kuwawa kwa thupi lake. Dandaulo lake linali lakuti panalibe womthandiza kufika m'madzimo pa nthawi yake. Anagona pakati pa khamu la anthu, koma analibe wake. Bvuto limeneli ndilo tifuna kukamba lero.

Nthenda ya MS

Kuti nkhani yathu imveke, titenga nthenda imodzi ya mtundu wachitatuwu ngati chitsanzo. Madokotala amaitcha multiple sclerosis, ndipo mwachidule amati MS. Taisankha chifukwa imakonda kugwira akazi, imawagwira pa msinkhu wa mphamvu, ndiponso kawiri kawiri siioneka ndi maso.

Kuchokera mu ubongo, kudzera mumsana, muli mitsempha imene imanyamula mauthenga kupita ku maso, ku manja, ku miyendo ndi ku chikhodzodzo. Mitsempha imeneyi ndi yokutidwa, monga nthambo ya sola imene imachoka pa denga kupita ku batire iri ndi chikutiro chake. Khoswe akatafuna chikutirocho, babu limayamba kuphethira: nthawi zina liyaka, nthawi zina lizima, chonsecho babulo ndi labwino ndipo dzuwa likuwala. M'nthenda ya MS, asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kulimbana ndi tizilombo, amasokonezeka nayamba kuononga chikutiro cha mitsempha ya munthu mwini wake. Uthenga umachedwa panjira, mwinanso sufika konse.

Chifukwa chake wodwala angathe kudzuka diso limodzi likuona mwachimbuuzi, kapena mwendo uli dzanzi, kapena dzanja likulephera kugwira chikho. Ena amayenda mwapendapenda ngati aledzera, pamene mowa sanaulawe n'komwe. Ena amalephera kusunga mkodzo. Ambiri amamva kutopa kwakukulu kumene sikutha ngakhale agone usiku wonse. Mwa odwala ochuluka zizindikirozi zimabwera masiku kapena masabata angapo, kenaka zichepa, ndipo munthu ayenda bwino miyezi yambiri, mpaka tsiku lina zidzabwererenso. Kutentha kumazikulitsa. Mai wa ku Sharpevale m'mwezi wa Okutobala angathe kusesa pabwalo m'mawa kuli kozizira, koma dzuwa likafika pa liwombo miyendo imukana. Wodutsa amene anamuona akusesa sangamvetse chifukwa chake masana akulephera kupita ku mjigo. Apa ndi pamene pamayambira mau opweteka: ena amati ndi ulesi, ena amati akunamizira, ena amati walodzedwa.

Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndiye anafotokoza bwino za nthendayi ku Paris m'chaka cha 1868. Chiwerengero chimene chinatuluka m'chaka cha 2020 chinasonyeza kuti anthu pafupifupi 2.8 miliyoni pa dziko lonse anali nayo, ndipo pa odwala atatu ali onse, awiri anali akazi. Kawiri kawiri imayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, pamene mai ali ndi ana a m'manja ndi munda woti alime. Siipatsirana podyera mbale imodzi, pogona chipinda chimodzi kapena m'banja. Mai amene ali nayo angathe kutenga pakati ndi kubereka. Mankhwala oichotseratu sanapezeke, koma kuyambira m'chaka cha 1993 alipo mankhwala amene amachepetsa kubwerera kwake, ndipo odwala ambiri amakhala ndi moyo zaka zochuluka.

Tisatchule nthenda pakhonde

Nthendayi imapezeka kwambiri ku maiko ozizira monga Canada, Scotland ndi Sweden, ndipo kuno ku Afirika imapezeka mwa apo ndi apo. Komanso kuti dokotala atsimikize kuti ndi imeneyi, pamafunika makina ojambula ubongo otchedwa MRI. Makina oyamba otere m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2008, ndipo anabwera chifukwa cha nchito yofufuza malungo amene amagwira ubongo wa ana. Kuti mai wa ku Kasinje akafike pa makina otere, ayenera kuyamba pa chipatala chaching'ono cha kwao, atumizidwe ku chipatala cha boma pa Ntcheu, ndipo kuchoka apo apite ku chipatala chachikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ulendo uli wonse umafuna ndalama za anthu awiri, wodwala ndi womudikira. Motero munthu angathe kudwala nthawi yaitali osamva dzina la nthenda yake.

Tsono tikuchenjezeni, amai. Musachoke pano n'kukauza ali yense wa dzanzi kuti ali ndi MS. Ziripo nthenda zina zambiri zimene zimafooketsa ziwalo, ndipo kwathu kuno ndizo zochuluka: sitiroko imene imadza ndi kuthamanga kwa magazi, TB ya fupa la msana, likodzo likafika mumsana, shuga, khate, ndi kachilombo ka HIV. Zina mwa izi zimachira, ndipo zina zimagonja, munthu akafulumira ku chipatala. Safunsa anadya phula. Nchito yathu ndi kulimbikitsa wodwala kuti apite, kumperekeza, ndi kusunga bwino buku lake la kuchipatala. Kutchula nthenda ndi nchito ya madokotala. Koma dzina likhale liri lonse, onsewa ali pa thamanda limodzi, ndipo zimene tinena tsopano ndi za onse.

Wodwala afuna wodwala mnzake

Ife oyendera odwala timafika ndi mtima wabwino, koma tiri ndi malire. Tikanena kuti "Pepani, tikumva nanu ululu," wodwala amathokoza mwaulemu, koma mumtima amadziwa kuti ife tiimirira ndi kuyenda pa miyendo yathu. Ziripo nkhani zimene mai sanganene kwa apongozi ake, kwa abusa, ngakhale kwa ife: za kudzinyowetsa pa mphasa, za mwamuna amene wayamba kuchedwa kubwera madzulo, za mantha akuti ana adzamunyamula mpaka liti. Nkhani zotere zimatuluka pamaso pa munthu amene akudutsa m'njira yomweyo.

Ku New York kunali mai wina dzina lake Sylvia Lawry, amene mlongo wake Bernard anadwala MS. M'chaka cha 1945 mai ameneyu analipira kachidziwitso kakang'ono m'nyuzipepala ya New York Times, kupempha kuti ngati alipo wina amene anachira nthendayi amlembere. Analandira makalata pafupifupi 50. Ochuluka sanali a anthu ochira, koma a odwala ndi odwazika amene anali kufunafuna chithandizo monga iye. Ali yense anali kulira m'nyumba mwake osadziwa kuti ali ndi anzake. Mankhwala amene mai uja anafuna sanawapeze, koma anapeza anthu. M'chaka cha 1946 anayambitsa bungwe la ku America lolimbana ndi MS, ndipo m'chaka cha 1967 anathandiza kulumikiza mabungwe a maiko osiyanasiyana kuti akhale pamodzi. Masiku ano pa 30 Meyi chaka chiri chonse anthu a m'maiko ambiri amakumbukira odwala nthendayi.

Ife Amalawi sitifunika kuoloka nyanja kuti timvetse zimenezi. Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo mukumbukira m'mene anthu anali kubisalira m'nyumba. M'chaka cha 1993 anthu amene anali ndi kachilomboka anayambitsa bungwe lao la NAPHAM, pamene mankhwala a ARV aulere anayamba kuperekedwa m'chaka cha 2004. Werengani zaka za pakatipo: ndi 11. Zaka zonsezo anthu anali kusonkhana opanda mankhwalawo, kulimbikitsana, kuphunzitsana kadyedwe ndi kuchotsana manyazi. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tiri tiwiri n'tianthu.

Koma pali kusiyana kumodzi. Amene anali ndi HIV anali ambiri, kotero kuti anatha kukomana pansi pa mtengo m'mudzi mwao momwe. Wodwala nthenda yosowa ngati MS angathe kukhala yekha m'dera lonse la mfumu yaikulu, ndipo miyendo yoti akafunire mnzake ndiyo yafooka. Pamenepa ndi pamene foni ya m'manja yatsegula khomo limene amai athu a 1940 analibe.

Chimene foni ingathe kuchita

Pa intaneti, makamaka pa WhatsApp ndi pa Facebook, alipo magulu a anthu odwala nthenda imodzi amene amacheza usana ndi usiku, ngakhale sanaonanepo ndi maso. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa nchito, kuli bungwe la odwala MS, ndipo mabungwe otere aliponso ku Ulaya ndi ku America. Tiyerekeze mai amene tulo tamuthawa pakati pa usiku chifukwa miyendo ikumuyaka. Sangadzutse mwana wake amene mawa alemba mayeso. Koma akanena pa gulu, amapezeka wina amene alinso maso, namuyankha kuti nayenso zinamchitikira, ndi kumuuza chimene anachita. Pa magulu otere anthu amaphunzitsana zinthu za tsiku ndi tsiku: kugwira nchito m'mamawa kusanatenthe, kusamba madzi ozizira, kupumula thupi lisanagwe, kuchita mafizo pakhomo, ndi mafunso oyenera kufunsa dokotala. Koposa zonse, wodwala amamva kuti wina wamukhulupirira.

Magulu ambiri akunja amalankhula Chingerezi, motero pafunika mtsikana wa sekondale woti awerenge ndi kumasulira. Atsikana otere tiri nao, ena ndi ana anu amene aphunzira pa Mlanda pompa. Koma sitiyenera kudikira akunja. Odwala a mumpingo muno ndi a m'mipingo yoyandikana nafe angathe kukhala ndi gulu lao la Chichewa, ngakhale nthenda zao zikhale zosiyana. Amene wafa mbali imodzi ndi sitiroko ndi amene wakhala pa chikuku chifukwa cha msana ali ndi zambiri zouzana. Sipafunikanso kudziwa kulemba, pakuti foni imajambula mau ndi kuwatumiza. Mai amene zala zake ziri dzanzi, kapena amene maso ake saona bwino, angathe kulankhula ndi kumvetsera. Ulaliki wa Lamulungu ndi phunziro la Chigwirizano zingathe kumfikira pa mphasa tsiku lomwelo.

Ngakhale foni yaing'ono ya mabatani iri ndi nchito. Kwa anansi athu ku Balaka, m'chaka cha 2011, kunayambika Chipatala cha pa Foni, kumene munthu amaimba ndi kulandira uphungu wa zaumoyo m'chilankhulo chake, ndipo pambuyo pake nchitoyi inafalikira m'dziko lonse. Izi zisonyeza kuti mau okha, akafika pa nthawi yake, amathandiza.

Tidziwa zopinga zake. Foni ya intaneti ndi yodula, bandulo imatha msanga, kutchajitsa kumafuna ndalama, ndipo m'makwawa ena netiweki imapezeka pa chulu pokha. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imayenda m'thumba la bambo. Munthu amene wadwala zaka zisanu ndiye wosauka koposa onse, pakuti mbuzi zinatha kale pa maulendo a kuchipatala. Motero amene afunitsitsa foni ndiye amene sangaigule. Apa mutu umodzi susenza denga.

Minga ya panjira

Njira iri yonse iri ndi minga yake, ndipo tiyenera kuitchula.

Woyamba ndi ogulitsa mankhwala onyenga. Munthu amene wadwala nthawi yaitali amagwira chiri chonse, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Wina akalemba kuti ali ndi botolo lochiza MS, sitiroko ndi shuga zonse pamodzi, ingomutumizirani ndalama pa foni, ameneyo ndi wakuba. Musatumize, ndipo musauze munthu nambala yanu yachinsinsi.

Wachiwiri ndi aphungu amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala pofuna kusonyeza chikhulupiriro. Ife tikhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo sitileka kupempha. Koma pa 2 Akorinto 12 tiona kuti Paulo anapempha katatu kuti chomupweteka chichoke, ndipo sichinachoke; chimene analandira ndi chisomo chomkwanira. Kodi Paulo analibe chikhulupiriro? Wodwala asasenzetsedwe katundu wachiwiri womuuza kuti sachira chifukwa cha tchimo kapena kuchepa kwa pemphero. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete. Anayamba kumupweteka pamene anatsegula pakamwa kufotokoza chifukwa cha matenda ake.

Wachitatu ndi miseche. Kale nkhani inali kuyenda kuchoka ku mjigo kufika ku chigayo. Lero imafika ku Joni dzuwa lisanalowe. Tisajambule wodwala ali pa mphasa ndi kutumiza chithunzi chake pa gulu, ngakhale tinene kuti n'chifukwa cha mapemphero, pokhapokha mwini wake atalola. Chimene mai wanena pa gulu la odwala chithere pomwepo.

Wachinai ndi mantha. Pa intaneti munthu amaona zithunzi za odwala amene nthenda inawafika patali, nayamba kuganiza kuti mawa ndi iye. Nthenda ya MS siiyenda mofanana mwa anthu awiri. Ena amafuna chikuku, koma ambiri amayenda okha kapena ndi ndodo zaka zochuluka. Zimene wodwala wawerenga akazifunse kwa dokotala wake.

Chimene foni singathe

Foni siitunga madzi. Siichapa zofunda, siisinja, ndipo singatembenuze wodwala amene sangadzitembenuze yekha, chonsecho munthu wotere ayenera kutembenuzidwa pa maola awiri ali onse kuti asatuluke zilonda za pogona. Pepani sapoletsa chilonda, kaya anenedwe pakamwa kaya pa foni. Pa Marko 2 munthu wofa ziwalo anafika kwa Yesu chifukwa anthu anai anagwira ngodya za mphasa yake, nasasula denga. Anzake a pa foni ampatsa wodwala womumvetsa. Ife amene tiri pafupi ndife manja ndi miyendo. Afuna zonse ziwiri. Chifukwa chake kagulu kathu kakupempha Chigwirizano kuti chaka chino tigwirizane pa zinthu izi:

1. Mlaga uli wonse ulembe maina a anthu amene adwala kupitirira chaka chimodzi, a mumpingo ndi akunja omwe, atabvomera eni ake. Amene sanalembedwe amaiwalika.

2. Wodwala ali yense apatsidwe amai awiri amene adzamuyendera tsiku lodziwika sabata iri yonse kwa chaka chathunthu. Gulu la amai makumi awiri lofika kamodzi pa chaka limasangalatsa, koma amai awiri ofika Lachiwiri liri lonse ndiwo amene wodwala angawadalire.

3. Pa chopereka chathu tipatule ndalama yogulira foni imodzi ya Chigwirizano ndi kasola kake, ndi ya bandulo mwezi ndi mwezi. Oyendera odwala azipita nayo, ndi kumsiya wodwala alankhule ndi anzake payekha pamene iwo akuchapa ndi kusesa panja.

4. Gulu la odwala litsogozedwe ndi wodwala, osati ndi ife. Iwo adziikire malamulo ao osunga chinsinsi. Tipemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa mumpingo muno kuti aziyankha mafunso ao ndi kuwongola mphekesera.

5. Tikumbukire wodwazika. Kawiri kawiri ndi mtsikana wamng'ono, ndipo ndiye amene amayamba kujomba ku sukulu mpaka kulekeratu. Tisinthane naye kuti apite m'kalasi, ndipo ngati ndi wamkulu, apeze tsiku lopita kumunda kapena ku msika wa pa Lizulu mtima uli m'malo.

6. Tipemphe akulu a mpingo kuti pakhomo la tchalitchi pakhale polowera chikuku, ndi chimbudzi chimene wofooka miyendo angalowemo. Za ndodo, zikuku ndi mafizo tikafunse ku chipatala, ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ndi ku bungwe loona za olumala limene ambiri tilidziwa ndi dzina lake lakale la MACOHA.

7. Wodwala apatsidwe nchito. Miyendo ikafooka nzeru sizithawa. Mai amene anali mlembi angathe kulembabe, woimba angathe kuphunzitsa nyimbo, ndipo wopemphera angathe kulandira zopempherera za mpingo wonse pa foni. Munthu amene amangolandira masiku onse amayamba kudziona ngati katundu. Nthawi zina msonkhano wa Chigwirizano uchitikire pakhomo pake, iye atabvala yunifolomu yake.

Mau kwa abambo ndi kwa eni mbumba

Abambo amene muli pano, mutilole tinene mwaulemu. Pa tsiku la ukwati munalonjeza kusunga akazi anu pa mtendere ndi pa matenda pomwe. Mwamuna akadwala zaka khumi, mkazi amamusambitsa zaka khumi, ndipo palibe amene amadabwa. Koma mkazi akadwala, kangati timamva kuti mkamwini wanyamula khasu lake wabwerera kwao, kapena wamtumiza mkazi kwa makolo ake kuti akayambe wachira? Tithokoza abambo amene akhala, amene aphunzira kuphika phala ndi kuchapa osaopa kusekedwa. Amenewo alalikira koposa ife. Ankhoswe, musadikire kuti banja ligwe; pitani pamene matenda angoyamba kutalika.

Ndipo inu eni mbumba, nthenda ikamabwera ndi kupita, musathamangire kuloza chala agogo a pakhomo. Tamva m'mene nthendayi imagwirira nchito m'thupi. Kunamizira munthu ufiti kumapasula mudzi, ndipo wodwala amataya womusamalira amene anali naye pafupi. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe: tonsefe tikukalamba, ndipo palibe adziwa tsiku limene miyendo idzamukana.

Amai anzathu, lero ndi tsiku la chimwemwe. Taimba, tabvina, ndipo posachedwa tidya pamodzi. Koma tayang'anani pa benchi limene mwakhala, ndipo mukumbukire amene anali kukhala pamenepo zaka zitatu kapena zisanu zapitazo, amene sanamwalire, sanasamuke, koma sitimuonanso. Duku lake liri lopindidwa m'sutikesi. Iyenso ndi wa Chigwirizano monga ife, ndipo chikondwerero ichi n'chake. Mbale zisanatsukidwe, mlaga uli wonse upatule chakudya ndi kutuma amai awiri kuti akamfikire lero lomwe, akamuuze zimene zachitika kuno, ndi kumfunsa ngati afuna kudziwana ndi anzake odwala ngati iye.

Ambuye amene anamuona munthu uja pakati pa khamu la pa Betesda atipatse ifenso maso oona, ndi mtima wosatopa pochita zabwino. Mulungu adalitse Chigwirizano, adalitse odwala athu ndi onse owasamalira.